ULENDO WA PANSI M'MAPIRI A ENGLAND: NJIRA YA PENNINE WAY NDI ZIGONO ZACHE

Munthu wa kwathu kuno akanyamuka ulendo wa pansi wa masabata awiri kapena atatu, timadziwa kuti chiripo chimene chamuyendetsa: kapena maliro, kapena mlandu, kapena akukafuna nchito ndipo ndalama ya basi alibe. Chotero awerengi ambiri adzadabwa kumva kuti ku England kuli anthu amene ali ndi galimoto pakhomo, ndalama ya sitima ali nayo, koma akalandira tchuthi ku nchito amabereka katundu kumsana, natenga ndodo, nayenda pansi mailosi 268 m'mapiri opanda mitengo, mvula iri pamutu, popanda wowatuma. Kumene akupitako kulibe mbale wao, kulibenso malonda. Akafika amangolowa m'nyumba ya alendo, namwa chikho cha mowa, m'mawa mwache nabwerera kwao.

Njira imene tikunenayi dzina lache ndi Pennine Way. Aphunzitsi amene ali ndi mapu a Britain pakhoma ayang'ane pakati pa England cha kumpoto. Adzaona mapiri ondondozana kuchokera kumwera kunka kumpoto, ngati msana wa ng'ombe. Mapiri amenewo ndiwo Pennines. Njirayi iyamba pa mudzi wa Edale, pakati pa mizinda ya Manchester ndi Sheffield, nitsata pamwamba pa mapiriwo kufikira itaoloka malire ndi kulowa m'dziko la Scotland, pa mudzi wa Kirk Yetholm. Mailosi 268 ndiwo makilomita 431, pafupifupi mtunda wochokera ku Blantyre kukafika ku Kasungu. Anthu ambiri amatha masiku 16 kufikira 19 ali m'njira.

Mapiri ache si atali ai. Lalitali koposa onse m'njira imeneyi ndi Cross Fell, mapazi 2,930 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo mzinda wa Lilongwe, umene ife timati uli pa chidikha, uli pamwamba kuposa nsonga yache. Koma musanyengedwe ndi chiwerengero chimenechi. Dzikolo liri kutali kumpoto, pamwamba pa mapiri palibe mtengo wousapo mvula, ndipo mphepo yache imaboola malaya ngakhale m'miyezi yotentha. Njirayo imakwera ndi kutsika kosalekeza, kotero kuti mukaphatikiza zitunda zonse zimene munthu akwera, ziposa msinkhu wa phiri la Everest.

MAPIRI ALI NDI ENI ACHE

Ku England kulibe malo opanda mwini. Ngakhale phiri lopanda munda, lopanda nyumba, liri ndi mwini wache, ndipo ali ndi kalata yache. Zaka 100 zapitazo mapiri a pakati pa Manchester ndi Sheffield anali m'manja mwa anthu olemera owerengeka, amene ankasungiramo mbalame ina yonga nkhwali, dzina lache grouse. Mbalameyi amayamba kuiombera pa 12 August chaka ndi chaka, ndipo mwini phiri ndi alendo ache amaombera masiku ochepa chabe. Koma pofuna kuti mbalame zisathawe pa zisa zao, eni malo ankalemba alonda oyenda ndi ndodo, opitikitsa munthu ali yense chaka chonse.

M'tsinde mwa mapiri omwewo munali mafakitale a nsaru ndi a zitsulo. Anthu ogwira nchito m'menemo ankakhala m'nyumba zothinana, pakati pa utsi wa malasha, ndipo tsiku lao lopuma linali Lamulungu. Tsiku limenelo ambiri ankakwera sitima kunka kumidzi kukapuma mpweya wabwino. Phiri ankaliona ndi maso, koma kukwera sankaloledwa. Pano ndi pamene pali yankho la kudabwa kwathu kuja. Mlimi amene wawerama ndi khasu sabata yonse amapumula pokhala pansi. Munthu amene waima pa makina amodzi sabata yonse, m'nyumba yotseka, amapumula poyenda.

Pa 24 April 1932 anyamata ndi atsikana okwana ngati 400, ambiri a iwo a ku Manchester, anasonkhana pa mudzi wa Hayfield nakwera phiri la Kinder Scout dzuwa liri gwa, mwadala, osabisala. Mtsogoleri wao anali Benny Rothman, mnyamata wa zaka 20. Kumtunda anakomana ndi alonda a Duke of Devonshire, panabuka ndeu, ndipo mlonda mmodzi anapweteka. Potsika, apolisi anagwira anthu 6. Mlandu unakazengedwa ku Derby, ndipo 5 mwa iwo analowa m'ndende, ena miyezi 2, wina kufikira miyezi 6. Rothman anakhalamo miyezi 4. Awerengi azindikire kuti kuponda malo a mwini pakokha sunali mlandu wolowetsa munthu m'ndende. Anawamangira chipolowe ndi kumenya. Komabe anthu ambiri anaona kuti chilango chaposa mlandu, ndipo ngakhale amene kale analibe nazo kanthu anayamba kufunsa chifukwa chache phiri lonse likhale la mbalame. Mu 2002, patapita zaka 70, Duke wa nthawi imeneyo, mdzukulu wa woyamba uja, anaimirira pamaso pa anthu napepesa.

Nzeru ya njira yaitali inadza ndi munthu wina, Tom Stephenson, wolemba nkhani m'nyuzipepala ya Daily Herald. Mu 1935 atsikana awiri a ku America analemba kalata kufunsa ngati ku England kuli njira yaitali ya m'mapiri yonga Appalachian Trail ya kwao. Kunalibe. Mwezi wa June chaka chomwecho Stephenson analemba nkhani yopempha kuti njira yotere ikhalepo, kuchokera ku mapiri a kufupi ndi Edale kukafika ku malire a Scotland. Nkhondo yaikuru inadutsa zinthu zikali pa pepala. Mu 1949 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lokhazikitsa malo otetezedwa ndi njira zazitali za oyenda pansi, ndipo mu 1951 Boma linabvomereza mzere wa njirayi. Koma panatsala nchito yaikuru, ndiyo kukambirana ndi eni malo mmodzi mmodzi pamene panalibe njira yakale. Anaitsegula pa 24 April 1965 pa Malham Moor, Stephenson ali pomwepo, zitapita zaka 30 chilembere nkhani yache. Inali yoyamba mwa njira zazitali za Boma m'dzikomo, zimene chizindikiro chao ndi chithunzi cha kambeu ka mtengo wa oak.

Lamulo la njira za kumeneko liyenera kufotokozedwa pang'ono, pakuti ulendo wonse watsamira pa ilo. Njira imene anthu akhala akudutsamo kuyambira kale, ndipo inalembedwa pa mapu a Boma, ndi ya anthu onse, ngakhale ipyole pakati pa munda wa tirigu kapena pabwalo pa nyumba ya munthu. Mwini munda sangaitseke. Ayenera kuika chipata kapena timakwerero pa mpanda wache. Woyenda nayenso ali ndi mbali yache: asapatuke kulowa m'mbeu, asasiye chipata chotsegula chimene anachipeza chotseka, ndipo galu wache akhale pa chingwe pakati pa nkhosa. Njira zotere mu England ndi Wales zikwana mailosi ngati 140,000. Mu 2000 lamulo lina linaonjezera ufulu woyenda pansi pa mapiri ndi madambo olembedwa pa mapu ngakhale pamene palibe njira. Koma lamulolo silinalole kumanga hema ndi kugona pa malo a mwini popanda kupempha. Kuyenda ndi kwaulere. Pogona munthu adzifunire yekha.

MATOPE, CHIFUNGA NDI MPHEPO

Masiku atatu oyamba ndiwo amabweza anthu ambiri. Njira imakwera Kinder Scout, Bleaklow ndi Black Hill, mapiri a pathyathyathya pamwamba, a nthaka yakuda bii imene Angelezi amati peat. Nthaka imeneyi ndi ndere ndi udzu zimene zaunjikana kwa zaka zikwi zambiri osaola kwenikweni, ndipo imasunga madzi ngati chinkhupule. Utsi wa mafakitale aja unapha ndere ya pamwamba, nthaka inatsala yosabvala niyamba kukokoloka, ndipo mapazi a oyenda anaonjezera bvutolo. Panali malo amene munthu ankamira kufikira m'chiuno. Alfred Wainwright, amene anatulutsa buku lolongosola njira yonseyi mu 1968, anatitimira pa Black Hill nachita kuzulidwa ndi anthu ena.

Kuyambira zaka za m'ma 1990 osamala njira anayala miyala yaphanthiphanthi pa malo oipitsitsa, kuti anthu aponde pamwala ndipo udzu umere m'mbali. Miyala yambiri anaitenga pansi pa mafakitale a nsaru amene anagumulidwa nchito itatha, nainyamula pa helikopita kukaitula pamwamba pa phiri. Choseketsa nchakuti miyalayo inasemedwa m'mapiri omwewo kale lomwe. Inangopita ku tauni kukagwira nchito, nibwerera kwao itakalamba.

Mdani wachiwiri ndi chifunga. Chimatsika msanga, ndipo pa phiri lopanda mtengo kapena chulu mbali zonse zimafanana. Nchifukwa chache woyenda amatenga mapu ndi kampasi, naphunzira kuziwerenga asanachoke pakhomo. Foni ya m'manja imathandiza, koma m'zigwa zambiri siigwira, ndipo moto wache umatha msanga m'nyengo yozizira.

Mdani wachitatu ndiye wakupha. M'mapiri omwewa munkachitika mpikisano wa Masikauti wotchedwa Four Inns Walk, woyenda mailosi oposa 40 tsiku limodzi, ndipo dzina lache linachokera ku nyumba zinai za alendo zimene zinali m'njira yache. Mwezi wa March 1964, pa tsiku la mpikisanowo, kunagwa mvula yamphamvu ndi mphepo, ndipo anyamata atatu anafa ndi kuzizira. Sikunali kuzizira koposa masiku ena ai. Dr Griffith Pugh, sing'anga amene anatsagana ndi okwera Everest mu 1953, anafufuza zobvala za mtundu umene anyamatawo anabvala, napeza kuti zikanyowa, mphepo nkuomba, zimataya pafupifupi mphamvu yonse yosunga kutentha kwa thupi. Munthu akatopa amachepetsa liwiro, thupi lileka kudzitenthetsa, nzeru zisokonezeka, nayamba kudzandira ngati woledzera, kenaka nakhala pansi osadzukanso. Chaka chomwecho anthu a m'deralo anakhazikitsa bungwe lopulumutsa osochera m'mapiri. Anthu ache salandira malipiro. Ndi alimi, aphunzitsi ndi amisiri amene amasiya nchito kapena tulo akaitanidwa ndi apolisi.

Masiku ano woyenda ali yense amanyamula malaya ndi buluku zosalowa madzi, zobvala zouma zokulunga m'thumba la pulasitiki, ndi kamba wokwanira. Tionjezepo mau amodzi okhudza mowa, popeza nkhani ino ndi ya nyumba za mowa. Ena amaganiza kuti kachasu amatenthetsa thupi. Chimene amachita nkutsegula mitsempha ya pakhungu, munthu namva kufunda pamene kutentha kwache kukuthawira kunja. Woyenda wodziwa amamwa atafika pogona, osati masana phiri likali patsogolo.

PUB NCHIANI?

Kwathu dzuwa likamlowera mlendo m'njira, amapatukira pa mudzi nati "Odi" kwa amfumu, ndipo mphasa ndi nsima zimapezeka. Angelezi si anthu ouma mtima, koma mwambo wao sulola kugogoda pa khomo la munthu wosamdziwa ndi kupempha pogona. M'malo mwache mudzi umakhala ndi nyumba imodzi imene khomo lache ndi lotsegukira ali yense wokhala ndi ndalama yolipira. Dzina lakuti pub ndi chidule cha mau akuti public house, ndiko kunena nyumba ya anthu onse, ndipo imene iri ndi zipinda zogona amaitcha inn. Ife tingoti chigono.

Zigono zambiri za m'mapiriwa nzakale kuposa oyenda a tchuthi. Njanji isanafike, abusa ankakusa ng'ombe kuchokera ku Scotland kukagulitsa ku misika ya England, ulendo wa masabata ambiri, ndipo amalonda ankasenzetsa akavalo mchere, ubweya wa nkhosa, malasha ndi mtobvu kudutsa m'mipata ya mapiri. Anthu amenewo ankafuna moto, chakudya ndi khola la ziweto usiku. Sitima itawalanda nchito m'zaka za m'ma 1800, njira zao zinamera udzu, koma nyumba zina zinatsala. Pennine Way inalumikiza zidutswa zambiri za njira zakalezo, ndipo woyenda wa lero amagona pamene pankagona wokusa ng'ombe.

Musaganize za bala la m'tauni, la nyimbo zogonthetsa m'khutu. Pub ya kumudzi ndi nyumba ya zipupa zochindikala za miyala, denga lache lalifupi, ndi moto wa nkhuni kapena malasha pa ngodya. M'katimo mupezamo mlimi, mbusa ndi galu wache atagona kunsi kwa benchi, amai ndi abambo okalamba, ngakhale ana amene adza ndi makolo ao kudzadya. Mowa sagulitsa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo amene samwa amapeza tiyi ndi zakumwa zina popanda womseka. Kusuta fodya m'katimo kunaletsedwa mu 2007.

Iri ndi miyambo yache imene mlendo ayenera kudziwa. Nsapato zamatope amabvulira pakhomo, nalowa ndi masokosi. Palibe wanchito wodzafunsa pa tebulo. Munthu amapita yekha pa kauntala, naitanitsa, nalipira nthawi yomweyo. Wokhala pansi kudikira adzagona ndi ludzu. Anthu akakhala pagulu, mmodzi amagulira onse, kenaka wina, kufikira onse atagulako, ndipo wozemba nthawi yache itakwana amadziwika msanga monga amadziwikira kwathu. Mowa amayesa ndi muyeso wotchedwa pint, woposa pang'ono theka la lita. Mowa weniweni wa kumidzi umakhala m'migolo m'chipinda cha pansi pa nthaka, naukoka ndi mpope wa pamanja. Suzizira kwambiri, ndipo ukali wache ndi wochepa, magawo ngati 4 pa 100. Chakudya chache kawiri kawiri ndi nyama yophikira m'chikuto cha ufa wa tirigu, kapena nsomba ndi mbatata ya kachewere yokazinga. Koma moto wa kukhitchini amazimitsa msanga, mwina 8 koloko madzulo, ndipo m'midzi yambiri mulibe sitolo. Amene wachedwa pa phiri ola limodzi angagone ndi njala ndalama ziri m'thumba.

Kwa woyenda, phindu la chigono siliri pa mowa pokha. Zambiri ziri ndi chipinda chofunda choyanikamo nsapato ndi malaya, ndipo taona kale kuti zobvala zouma ndiwo moyo. Ndi pomwenso munthu amamva za m'njira. Mbusa adzakuuzani ngati mtsinje wadzala, ndipo amene achokera kumene inu mukupita adzakuuzani pamene pali matope. Woyenda yekha amauza mwini nyumba kumene akagone mawa, kuti akapanda kufika pakhale wokuwa.

Zipinda nzochepa, chotero m'miyezi ya June, July ndi August anthu amasungitsa malo miyezi ingapo asananyamuke, ndipo kutalika kwa ulendo wa tsiku kumayesedwa ndi mtunda wa pakati pa zigono, kawiri kawiri mailosi 12 kufikira 20. Opanda ndalama zambiri amagona m'nyumba za bungwe la Youth Hostels Association, limene linayamba mu 1930, kapena amamanga hema pa munda wa mlimi atalipira pang'ono. Kuli ngakhale amtengatenga a makono: galimoto imatenga chikwama chachikuru m'mawa nikachitula ku chigono cha patsogolo, mwini wache nayenda ndi kathumba chabe. Oyenda akale amati kumeneko nkunyenga, koma maondo a munthu wa zaka 60 samva miseche. Ambiri amayambira kumwera kunka kumpoto, chifukwa mphepo ndi mvula zimachokera kumwera cha kumadzulo, ndipo nkwabwino kuti zikumenyeni kumsana kusiyana ndi kumaso. Mwezi wa June kumayera kufikira cha m'ma 10 koloko usiku. Mwezi wa December mdima umagwa 4 koloko.

KUCHOKERA KU EDALE KUFIKA KU TAN HILL

Njirayi iyambira pakhomo pa pub, Old Nags Head ya ku Edale, ndipo ithera pakhomo pa ina. Atapyola mapiri a matope aja, woyenda amalowa m'dziko la miyala yoyera ya laimu. Amakwera pambali pa Malham Cove, thanthwe loima chiriri mapazi 260, ndi phiri la Pen-y-ghent, natsikira ku tauni yaing'ono ya Hawes. Pafupi pomwepo, pa Hardraw, pali pub yotchedwa Green Dragon, ndipo kuseri kwache kuli mathithi ogwa mapazi ngati 100. Kwa zaka zambiri wofuna kuona mathithiwo ankalowa pa khomo la kumaso la pub, nalipira pa kauntala, natulukira khomo la kuseri.

Kuchokera apo njira imakwera Great Shunner Fell nitsikira m'chigwa cha Swaledale, pa kamudzi ka Keld. Mudzi umenewu unakhala zaka ngati 50 wopanda pub, chifukwa m'zaka za m'ma 1950 munthu wina wodana ndi mowa anagula imene inalipo naitseka. Oyenda a zaka zimenezo ankangomeza malobvu, napitirira mailosi 4 kukwera chitunda kunka ku Tan Hill.

Tan Hill Inn ndiyo pub ya pamwamba koposa zonse mu Britain, mapazi 1,732. Iri yokha yokha pakati pa dambo lalikuru, popanda nyumba ina pafupi, ndipo mlendo amadabwa kuti anaimangiranji pamenepo. Yankho liri pansi pa nthaka. Kale pamalopo panali migodi ya malasha ndi nyumba za okumba, ndipo njira zingapo za akavalo zinkakomana pomwepo. Mgodi wotsiriza unatsekedwa mu 1929, nyumba za okumba zinagumulidwa, pub yokha nitsala. Anaisunga ndi alimi a nkhosa, amene amachitirapo chionetsero cha nkhosa zao mwezi wa May, kenaka oyenda a Pennine Way ndi a galimoto. Nyengo yache njosadalirika. Mwezi wa November 2021 anthu ngati 60 anapita kumeneko kukamvera oimba usiku umodzi. Kunagwa chipale chofewa ndi namondwe, miseu inatsekeka, ndipo anakhala m'nyumbamo mausiku atatu, ena akugona pa mipando ndi pansi, kufikira makina atakumba njira.

MUDZI NDI MLENDO

Nyumba zimenezi zikuchepa. Mu 2000 mapub onse a mu United Kingdom anali oposa 60,000, ndipo pofika 2019 anali osakwana 48,000. Zifukwa nzambiri. Mowa wa m'sitolo ngwotsika mtengo, achinyamata akuchoka m'midzi, nyumba za m'midzi yokongola zikugulidwa ndi anthu a m'tauni amene amadza pa tchuthi pokha, ndipo kuyambira 1967 apolisi amayeza mpweya wa woyendetsa galimoto kuti aone ngati wamwa. Pub ya m'mudzi wa anthu 100 singakhale ndi ndalama za eni mudzi okha. Ndipo ikatsekedwa, mudzi umataya bwalo lache, woyenda nataya chigono, kotero kuti masiku awiri a ulendo amasanduka tsiku limodzi lalitali loopsya.

Alimi ena kale ankaona oyenda ngati bvuto chabe, anthu osiya zipata zotsegula ndi agalu othamangitsa nkhosa za bere, ndipo madandaulo amenewo sanali abodza. Chimene chinaonetsa mbali inayo ndi chaka cha 2001. Mwezi wa February kunabuka matenda a ziweto a zilonda za m'kamwa ndi m'ziboda. Ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa, ndipo pofuna kuti matenda asafale ndi nsapato za anthu, njira za oyenda pansi zinatsekedwa pafupifupi m'dziko lonse kwa miyezi yambiri. Alimi amene ziweto zao zinaphedwa analandira chipukuta misozi kwa Boma, koma eni zigono, eni masitolo ndi akazi a alimi amene ankagoneka alendo m'zipinda zao anangoona mabedi opanda anthu. Pamenepo zinadziwika kuti m'zigwa zambiri za kumpoto ndalama ya mlendo woyenda pansi njofunika ngati ya nkhosa.

Midzi ina yapeza njira imene awerengi athu aidziwa bwino, ndiyo koparetivi. Pa Hesket Newmarket, mudzi wa m'dera la Cumbria umene suli pa Pennine Way koma uli pa njira ina ya oyenda, anthu oposa 100 anasonkha ndalama mu 2003 nagula pub yao, Old Crown, poopa kuti ingagwe m'manja mwa kampani ya kutali. Midzi yambiri yatsanzira chitsanzo chimenechi.

SABATA YOTSIRIZA

Kupyola Tan Hill njira imatsata mtsinje wa Tees ndi mathithi ache a High Force, nifika pa High Cup Nick, pamene dziko limangotseguka mwadzidzidzi kunsi kwa mapazi a munthu, chigwa chakuya chonga mtondo wong'ambika mbali imodzi. Tsiku lotsatira, kuchokera pa mudzi wa Dufton kunka ku Alston, ndi la mailosi ngati 20 kudutsa pa Cross Fell, ndipo pamwambapo pobisalira mpamodzi pokha, kanyumba ka miyala kamene kale kanali ka okumba mtobvu, kotchedwa Greg's Hut. Mulibe mwini, mulibe chakudya, koma chitseko sakhoma. Patsogolo pache njira imayenda mailosi angapo pambali pa linga la miyala limene Aroma anayamba kumanga m'chaka cha 122, polamulidwa ndi mfumu yao Hadrian, kuti likhale malire a ufumu wao.

Chigawo chomaliza ndicho chosonyeza bwino kufunika kwa chigono, pakuti mulibe. Kuchokera pa Byrness kukafika ku Kirk Yetholm ndi mailosi oposa 25 pamwamba pa mapiri a Cheviot, motsata mpanda wa malire a England ndi Scotland, popanda mudzi, popanda sitolo, popanda pub. Muli tinyumba tiwiri ta matabwa tothawiramo namondwe, basi. Amphamvu amanyamuka kusanache nayenda tsiku limodzi. Ena amatsika pakati kukagona kuchigwa, m'mawa nakweranso. Aliponso amene amathamanga njira yonseyi pa mpikisano wa mwezi wa January, pakati pa dzinja la kumeneko. Mu 2019 anapambana ndi mai wina, Jasmin Paris, dokotala wa ziweto, amene anatha mailosi onse 268 m'maola 83, kuposa amuna onse, pamene anali ndi mwana woyamwa kunyumba.

Ku Kirk Yetholm njira ithera pa Border Hotel, pambali pa bwalo la mudzi. Wainwright uja, ngakhale analemba buku la njirayi, sanaikonde. Mvula inamnyowetsa kwambiri ndipo matope sanawaiwale. Pomvera chisoni amene adzamtsata, analonjeza m'buku lache kuti ali yense wotsiriza ulendo wonse adzamwa mowa pa Border Hotel, ngongole nikhala ya iye. Ofika anachuluka, muyeso unatsitsidwa kukhala theka la pint, komabe pofika 1991, pamene anamwalira, anali atalipira mapaundi zikwi zingapo. Iye atapita, ena anapitiriza mwambowo. Woyenda amalemba dzina lache m'buku la ofika, namwa, nagona. Pa mudziwo palibe njanji. M'mawa amakwera basi kunka ku tauni ya Kelso, kuchokera kumeneko nakapeza sitima ku Berwick-upon-Tweed, ndipo mtunda umene unamtengera masabata atatu amaubwerera tsiku limodzi.